Bulangeti la a Nkhoma

Panali munthu wina m'tauni muno, munthu wosamala kwambiri, wosagula chinthu asanachitembenuze kawiri. Anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Bambo ake, a Nkhoma, atadwala sitiroko n'kufa mkono ndi mwendo wa kumanja, anakawatenga kumudzi n'kuwagoneka m'chipinda cha alendo.

Iye ankalawirira kuntchito, kubwerako dzuwa litalowa. Mkazi wake sakanatha kuwakhudza m'thupi, poti ndi apongozi ake aamuna. Choncho mwamunayo anayamba kufunafuna munthu woti azikhala pakhomo pomwepo, aziwasamalira.

Mantha anali nawo ambiri. Anali atamva za antchito akuba, omenya nkhalamba, otsina makanda. Aliyense wobwera ankamufunsa kwawo, mpingo wake, ngati amamwa, ngati ali ndi chibwenzi choti chizidzazungulira kuseri kwa mpanda.

Kunabwera mayi wina wa mawu okweza. Atalowa m'chipindamo, asanagwade n'komwe, anavundukula bulangeti la mkuluyo n'kufunsa kuti, "Agogowa amadziyipitsira? Matewera muli nawo?"

Munthu uja anagwa nkhope. Mkazi wake anamunong'oneza kuti, "Uyu ayi. Alibe mwambo." Anamubweza.

Kenaka kunabwera mtsikana wofatsa. Anagwadira patali, maso pansi, nayankha mafunso onse motsitsa mawu. Atamufunsa mfunda wake, anati ndi Nankhoma.

Mtima wa munthu uja unakhala pansi. "Ndiye ndiwe mlongo wanga," anatero. "Awa agonawa ndi atate ako. Uwasunge monga atate ako."

Funso limodzi lokha sanafunse. Linamufika pakamwa, koma linali lochititsa manyazi, ndipo analimeza.

Nankhoma sanabe ngakhale supuni. Ankawadyetsa mkuluyo atagwada. Mankhwala sankawaphonya. Chidebe cha pansi pa bedi ankachitaya n'kuchitsuka osakwinya nkhope. M'mawa uliwonse munthu uja ankasuzumira pakhomo la chipinda n'kufunsa kuti, "Bambo, mwadzuka bwanji?" Iwo ankayankha kuti, "Ndadzuka, mwanawe," bulangeti lili m'khosi. M'chipindamo mutayamba kumveka fungo, munthu uja anati ndi fungo la matenda, nagula mankhwala opopera.

Tsiku lobwerera nawo kuchipatala litakwana, anabwereka galimoto. Analowa kuti awanyamule. Anachotsa bulangeti, nalowetsa dzanja kunsi kwa msana wawo. Mkuluyo anakuwa ngati wabayidwa. Dzanja linatuluka lonyowa.

Anawatembenuza. Malaya anali atamatirira pamnofu. Kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno munali zilonda, ndipo chimodzi, cha pachiuno, chinali chakuda, chozama moti chibakera cha mwana chikanalowamo.

Anakhala pansi, pasimenti.

"Nankhoma! Kodi ichi n'chiyani? Suwasambitsa?"

Mtsikanayo anagwada pakhomo. "Madzi ndimawapatsa tsiku ndi tsiku, achimwene. Sopo, chopukutira, zonse ndimaika pafupi. Ndimatuluka n'kutseka chitseko."

"Ndi dzanja limodzi asambe bwanji kumsana? Nanga kuwatembenuza?"

"Ine ndiwavule atate anga?" anafunsa mtsikanayo, misozi ili mbwe. "Si inu nomwe munati ndi atate anga?"

Munthu uja anacheukira bambo ake. "Nanga inu, bambo, osanena bwanji?"

Mkuluyo anayankha movutikira, pakamwa pali popotoka. "Ndikanauza ndani? Mpongozi wanga? Mwana wamkaziyu? Iwe umandipatsa moni uli pakhomo, nsapato zili kuphazi." Anapuma pang'ono. "Nonse mumandilemekeza."

Munthu uja anavula malaya ake a kuntchito. Anaitanitsa madzi ofunda ndi lumo, natseka chitseko. Ananyowetsa malaya a bambo ake pang'onopang'ono, nawadula chidutswachidutswa mpaka anachoka. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, anaona thupi la amene anamubereka, nalisambitsa, onse awiri akulira.

A Nkhoma anakagonekedwa m'chipatala. Moyo unatsala, koma chilonda cha pachiuno chija sichinapole msanga. Munthu uja anafunsafunsa za mayi wa mawu okweza uja, napeza kuti anayamba kale ntchito kwina.

Inu amene mukufuna munthu wodzakhala ndi kholo lanu, ndikudziwa mantha anu, pakuti nanenso ndimasiyira munthu mwana wanga m'mawa uliwonse. Funsani za kuba, funsani za mowa. Koma funso limene likukuchititsani manyazi ndi limene muyambire: kodi udzawavula, udzawasambitsa, udzawatembenuza? Akati sangathe, musamuda. Mwambo ndi wake, ndiponso ndi wathu. Pezani amene angathe. Ndipo mukamupeza, musathere moni pakhomo. Vulani nsapato, lowani, vundukulani bulangeti ndi dzanja lanu.