Ndani Anabereka Fatsani?

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zishango ayi, kale la dzana lomweli, pa tauni ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Kasungu panali koleji yophunzitsa ntchito zamanja. Anyamata a pakolejipo ankamenya mpira ndi makoleji ena, ndipo anthu a patauniyo ankawaonera ngati akuonera timu ya dziko.

Tsono imvani misala ya anthu okonda mpira. Chaka chikamapita kumapeto, ankasonkhana pakhonde la a Jailosi ometa tsitsi n'kumayerekeza kuti aliyense ali ndi timu yake ya mu ligi yaikulu. Timu yake iti? Ena ngakhale mpira wachikulunga analibe! Ankaponya zitsekerero za mabotolo m'chipewa, wotola chofiira ndiye ankayamba kusankha mnyamata woti alowe m'timu yake, enawo n'kumatsatira. Mkangano wake unali wosati masewera: uyu ali ndi liwiro koma alibe mutu, uyo ndi wamtali koma amaopa kugundana. Mnyamata amene wamusankha koyamba ankati wamubereka, ndipo kuyambira tsikulo anthu ankakuitana ndi dzina lake, bambo ake a uje, mayi ake a uje.

Pakolejipo panali Fatsani Chikuse, mwana wamasiye wophunzira ukalipentala. Chiyambire palibe amene anamusankhapo, ngakhale kumapeto kwenikweni kumene anthu ankangotchula mayina kuti matimu akwane. Chinali chaka chake chomaliza, ndipo amalume ake anali atanena kale kuti akangomaliza apite akawathandize kusoka fodya kumudzi. Mnyamatayo mtima unali utafa. Nsapato zake za mpira anali atalonjeza kale mnzake.

Chaka chimenecho chitsekerero chofiira chinagwera Nachisale, mayi wokazinga tchipisi pafupi ndi bwalo. Anthu ankadikira kuti atchule Maliko, mnyamata wogoletsa zigoli amene aliyense ankamusirira. Iye anapukuta manja pachitenje n'kutchula Fatsani. Kuseka kwake! Wina anachita kugwa pabenchi. Nachisale anangoti iye amaonera mpira chiwaya chili pamoto, ndipo amaona amene amathamangabe anzake atatopa. Kuchokera pamenepo tauni yonse inayamba kumuitana mayi ake a Fatsani, momunyogodola, iye n'kumavomera mokweza. Fatsani atamva kuti pali munthu amene akusekedwa chifukwa cha iye, manyazi anamugwira, anakauza mnzake uja kuti nsapato zija aiwale.

A Jailosi ndiye anapsa mtima ndi kusankha kotero. Tsiku lina akumeta mnyamata wina, anayamba kulongolola kuti Fatsani wa Nachisaleyo mwendo wake wamanzere ndi wokwerera njinga basi, mpira ukabwera kumanzere amachita kuuzungulira ngati waona njoka. Atakweza maso pagalasi, anapeza kuti mutu umene akumetawo ndi wa Fatsani yemweyo, misozi ili lengelenge. Mukuganiza anapepesa? A Jailosi? Anangoti, "Ndanena ndanena, mphwanga. Kuseri kwa shopu ino kuli khoma. Uzibwera ukaweruka." Ndipo madzulo aliwonse ankasiya makasitomala mitu ili theka n'kukaima kuseriko, kumukalipira akangokhudza mpira ndi mwendo wamanja. Khoma linachita ming'alu, galasi linagwa n'kusweka, makasitomala ena anasamukira kwa wometa wina. A Jailosi sanadandaule.

Wachitatu anali a Binwelo, dalaivala wa minibasi, amalume ake a Maliko uja. Tsiku la mpira womaliza ananyamula mkulu wina wofunafuna osewera wa timu yaikulu ya ku Blantyre, amene ankangodutsa. Njira yonse anamunyengerera mpaka mkuluyo anavomera kutsika. Anamuuza kuti ayang'anitsitse nambala naini, ndiye mphwawo Maliko. Atatero anapitiriza ulendo kukatula anthu.

Chimene a Binwelo anaiwala n'chakuti pakolejipo majezi ankabwera m'thumba limodzi, wofulumira ndiye ankatola yomwe wakonda. Naini ankamusiyira Maliko mwaulemu chabe. Tsikulo Maliko anachedwa kumsika, mphunzitsi wa timu atakwiya anaponyera jeziyo Fatsani. Maliko analowa mochedwa atavala ina, ndipo anasewera bwino ndithu, tisamunamizire. Koma naini uja anathamanga mpaka wezulo yomaliza, ndipo chigoli chopambanira anachimenya ndi mwendo wokwerera njinga uja.

A Binwelo anafika mpira utatha, fumbi lili koboo. Mkulu uja anawagwira dzanja n'kuwauza kuti mphwawo wamukonda, malo alipo amodzi okha, abwere naye ku Blantyre Lolemba. Mkuluyo nkhope za anyamatawo sanazione bwino, anakhala patali, dzina lomwe ankalidziwa linali la Maliko. Wina anawanong'oneza a Binwelo za jezi ija. Akanangokhala chete, mwana wa mlongo wawo akanakwera minibasi Lolemba, ndipo mwina akanakapambana komweko, pakuti naye mpira ankautha. Koma a Binwelo anati, "Bwana, amene mwamuonayo si wanga. Dzina lake ndi Fatsani." Mpaka lero mlongo wawo akaona minibasi yawo amatembenukira kumbali, amadikira ina.

Fatsani anapita, anamuyesa, anamutenga. Kufodya kuja sanapitekonso.

Tsono vuto linabwera apa. Atimu anamuuza kuti tsiku lomuonetsa kwa ochemerera abwere ndi kholo limodzi, lidzaime naye pakati pa bwalo n'kumuveka jezi yake yoyamba. Limodzi lokha. Amalume ake anakana, ati za mpira sakuzidziwa ndipo fodya sadikira munthu. Fatsani anabwerera pakhonde paja mutu uli zyoli, n'kufotokoza.

Anthu anagawikana pomwepo. Ena ankati mwambo wa pakhondepo ndi wodziwika, wobereka ndi wosankha koyamba, ndipo popanda Nachisale nsapato zija zikanapita. Ena ankati kubereka n'kumodzi, kulera n'kwina, mwendo umene unagoletsa uja unaumbidwa pakhoma la a Jailosi. Enanso ankati awiriwo anataya chiyani, ulemu pang'ono ndi galasi? A Binwelo anataya mlongo wawo wa bere limodzi. Koma ena anawabweza kuti a Binwelowo sanamufunepo Fatsani, anabweretsa mlendoyo chifukwa cha Maliko.

Eni akewo ndiye anamvetsa chisoni. Nachisale anati apite a Binwelo. A Binwelo anati iwo akakaima pabwalo paja ndiye kuti amulasa mlongo wawo kachiwiri. A Jailosi anati iwo alibe jekete, koma aliyense anaona kuti akuyang'ana kumbali, maso atafiira. Wina anabweretsa chipewa kuti aponye zitsekerero, Fatsani anachigwira n'kuchivundikira pansi. "Makolo satola m'chipewa," anatero.

Minibasi ya ku Blantyre ikulira pasiteji, mpando pambali pa Fatsani ndi umodzi. Inu amene mwamva nkhaniyi, tandiuzani: akhalepo ndani, amene anamukhulupirira anthu akuseka, amene anamunyoza n'kumukonza, kapena amene sanamufune koma anakana kumubera?