Mano a Njiri ndi Una wa Pachulu

Njiri ndi Msulu ankalimbirana una wa pansi pa chulu cha kudambo la Chankhandwe. Unawo unali wabwino zedi, wouma ndi wotakasuka, ndipo mwini wake anali atasamuka kalekale. Njiri ankaufuna chifukwa mkazi wake Nachisale anali woyembekezera, mvula nayo inali pafupi. Msulu ankati iye ndiye anayamba kusesamo, choncho sachoka.

Kudamboko milandu yotere sankaweruza ndi pakamwa. Olimbanawo ankapatsidwa masiku atatu okonzekera, kenako ankalowa m'bwalo lolembedwa mzere mozungulira, nyama zonse zikuonerera. Lamulo linali limodzi lokha: wodumpha mzere kapena wogunditsa bondo pansi, wagonja. Woyang'anira anali Nang'omba, mbalame ya mawu ngati ng'oma ija.

Tsono Njiri anali wamatama, abale inu! Atamva kuti alimbana ndi Msulu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Kanthu aka? Ndikangokagunda kamodzi, mukakatola kutsidya kwa mtsinje," anatero.

Anapita pa mwala wa m'mbali mwa dambo n'kuyamba kunola mano ake awiri opindika aja. Tsiku loyamba ananola, lachiwiri ananolanso. Maganizo ake onse anali pa kugunda kumodzi koopsa, kosafuna kubwereza. Zothamanga kuti mpweya uzolowere, ayi. Zophunzira kutembenuka msanga, ayi ndithu.

Nachisale anamutsatira pamwalapo atanyamula mizu yanthete. "Abambo, taidyani iyi. Masiku awiri osaika kanthu kukamwa, mukalimbana bwanji?"

"Mayi, musandisokoneze. Kutafuna kumabunthitsa mano. Ndikadya m'nyumba yatsopano."

"Nanga akakulewani?"

"Andilewa ndani? Kamsulu?"

Nachisale anangopukusa mutu n'kudya yekha mizuyo. Ankamudziwa mwamuna wake: akati walusa, makutu amatsekeka.

Tsiku lachitatu Njiri anakweza maso n'kuona Msulu ali m'bwalo muja. Sankanola kanthu. Ankangoyendayenda mphuno ili pansi, kununkhiza apa, kupalasa pang'ono apo, n'kumalumpha uku ndi uku ngati wapsa kumapazi.

"Iwe Msulu, ukusankha pogona mtembo wako?" anakuwa Njiri.

"Eya, achimwene, ndikufuna pofewa," anayankha Msulu mwaulemu kwambiri, n'kupitiriza kununkhiza.

M'mawa wa tsiku lankhondo dambo linadzaza. Anyani anakhala pamwamba pa chulu, nkhanga zinandanda m'mbali, ngakhale Fisi anabwera poganiza kuti mwina patsala kanyama. Njiri analowa mchira uli njo, mano akunyezimira. Kunena zoona anali oopsa, moti Gwape atawaona anasuntha n'kukakhala kumbuyo. Koma m'mimba mwa mwini manowo munkalira kuti kulukulu, ndipo iye ankatsokomola dala kuti ena asamve.

Nang'omba analiza mawu ake katatu, nkhondo inayamba.

Msulu anakaima pakati pa bwalo, pamalo ena ake pamene ankanunkhiza dzulo lija. Njiri anaweramitsa mutu n'kuthamanga ndi mphamvu zake zonse. Fumbi linati kobo! Litatsika, Msulu anali pambali akudzikanda khutu, ndipo mano a Njiri anali atalima dothi, mzere wautali ngati wa khasu. Asanatembenuke, anamva kuti tsi! pamchira.

"Kamodzi, achimwene," anatero Msulu.

Kuluma kwakeko kunali kochepa, kosatulutsa n'komwe magazi ambiri. Koma kunafika. Njiri anapsa mtima, anatembenuka mozungulira ngati ngolo yolemedwa, n'kuthamanganso. Msulu anali ataima pamalo ena, analewanso, ndipo Njiri analimanso dothi. Tsi! pakhutu.

"Kawiri."

"Ima pamodzi ngati mwamuna!" anakalipa Njiri.

"Pepani, lamulo limenelo sindinalimve."

Anyani anafa nacho chikhakhali. Njiri anagunda kachitatu, kachinayi, kachisanu, ndipo kugunda kulikonse kukanatha kung'amba Msulu pakati. Kungoti konse kunkathera pansi. Msulu yekha ankati akaluma, waluma: pamchira, pamwendo, pamphuno, pamchiranso. Pofika kachisanu ndi chitatu Njiri anali wefuwefu, thupi lonse likunyerenyetsa ngati wagona pa linthumbu.

Anaima kuti akoke mpweya. Pamenepo mphuno yake inamva fungo.

Mayo ine, fungo lake! Paliponse pamene mano ake analima panali patatuluka mbatata zakutchire, zonenepa, zina zitang'ambika pakati madzi akuchucha. Msulu uja sankasankha manda ayi. Ankafuna pamene pali mbatata, ndipo ulendo uliwonse ankaima pamwamba pake penipeni kuti Njiri azikumba yekha.

"Abambo, musayang'ane pansi!" anakuwa Nachisale ali kunja kwa mzere.

Njiri anamva. Anakweza mutu, anayang'ana kumwamba, anayesa kuganiza za una uja ndi ana ake osabadwa. Koma masiku atatu a njala si masewera. Mate anadzaza m'kamwa, maso anabwerera okha pansi, pa mbatata ina yaikulu imene inali pafupi ndi phazi lake.

"Kamodzi kokha," anadziuza mumtima. "Ndipeze mphamvu, kenako ndimumalize."

Tsono inu mukudziwa mmene njiri imadyera. Khosi lake ndi lalifupi, silifika pansi. Kuyambira kwa makolo ake, njiri ikafuna kudya imayamba yapinda miyendo yakutsogolo n'kugwada. Njiri sanaganize n'komwe. Mawondo anangopita okha, onse awiri, gwa!

Nang'omba analiza mawu ake. "Bondo lagunda pansi. Una ndi wa Msulu."

Njiri anatsala chogwada, mbatata ili kukamwa, maso ali tong'o. Anafuna kutsutsa, koma mawu sanatuluke chifukwa m'kamwa munali modzaza. Bwalo lonse linagubuduka ndi kuseka, kupatula Fisi, amene ananyamuka akung'ung'udza kuti amutayitsa nthawi.

Msulu anayandikira n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Musadzuke, achimwene, malizani kaye. Mwalima nokha, ndi zanu."

Madzulo a tsiku lomwelo mitambo inasonkhana, mvula yoyamba inagwa. Njiri anamva manyazi aakulu, ndipo chinamupweteka kwambiri n'kuona Nachisale akunyowa pansi pa chitsamba, mimba ili kutsogolo. Mkaziyo sanamukalipire. Anangomutengera pamtunda wina wa dothi louma gwa, lamiyala, n'kuloza pansi.

"Paja mano anu amalima bwino, abambo. Tonse taona. Yambani apa."

Njiri anakumba masiku asanu ndi limodzi, mvula ikumumenya pamsana. Pamene dzenje linkawakwana awiriwo, mano onyezimira aja anali atabunthiratu, osatha kuboola ngakhale dzungu. Ana anabadwira momwemo, anayi, m'dzenje lopanikiza lodontha pakhomo. Ndipo m'mawa uliwonse Msulu ankatuluka pa chulu chake chouma, n'kukuwa kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene? Mwadya?"

Phunziro: Mphamvu imene siifika pa mdani siipambanitsa munthu, ngakhale ikule bwanji. Wogunda pang'ono koma mosaphonya amaposa woika zonse pa nkhonya imodzi n'kuiwala mimba, mpweya ndi miyendo yoti imunyamule.