Mphaka wa Pakhomo la a Kaphwiti

Khoma la ofesi linali lapulayiwudi, choncho Esinala, sekilitale wa a Kaphwiti, anamva madamu, akazi a bwana, akulalatira amuna awo.

"Ameneyu amangokhala pakhomo ngati mphaka. Mumuchotse lero."

Bwana anatuluka mwamanyazi. "Esinala, ntchito yatha."

"Zikomo, bwana."

Pochoka, Esinala anatsekulira achibale a bwana akumudzi amene iye ankawabweza tsiku lililonse. "Lowani, bwana akuti mudye nawo."

Anadzaza ofesi, maso ali pankhuku imene madamu anabweretsa.

Madamu anamuthamangira. "Esinala mwanawe, anthuwa bwanji?"

"Mphaka wachotsedwa ntchito, mayi."

"Wakuchotsa ndani? Bambowa nthabwala zawo n'zoipa."

Esinala anabwerera, nauza alendowo kuti bwana akufuna anthu okapalira kumunda kwawo. Ofesi inayera msanga, ndipo banjalo linakhala pansi kudya khosi ndi mapiko zimene alendowo anasiya.