Dzina la a Kamphinda

Gilibati anali munthu woti akatsokomola ku Mitundu, a ku Nathenje amadziwa kuti wabwera. Anayamba ndi kugulitsa mtedza pambale, nafika pokhala ndi malole awiri. Harare ndi Joni ankazitchula ngati kuseri kwa khola.

Bambo ake, mfumu Kamphinda, atatsikira kulichete chaka chimene matipate anayamba, Gilibati analifuna dzinalo. Koma chiyambire nkhondo ya Angoni, pamene makolo anabisala m'phiri la Bunda, ufumuwo unkayenda m'mimba ya akazi: wolowa ankakhala mwana wa mlongo wa mfumu. Azakhali ake, mayi Felesiya, anamukumbutsa mofatsa kuti kwawo kwa iye n'kwa mayi ake. Iye anaseka, nati dziko lasintha, masiku ano anthu amavota. Anapha ng'ombe, nagawa zitenje mudzi wonse.

Amayi a mbumba anadya nyamayo, navala zitenjezo, kenako pa ufumuwo anagwira Efulemu, mwana wa mayi Felesiya, mlimi wa fodya amene Gilibati ankamubereka kumsana ali khanda. Gilibati anachoka fumbi lili koboo, atalumbira kuti m'mudzimo sadzapondamonso. Efulemu akatumiza uthenga, iye ankaubweza ndi mawu olasa.

Mtima suvala nsanza, koma umamva chisanu. Gilibati akagona, ankalota bambo ake atakhala pamvula. Atamva kuti tsiku lomanga chiliza lafika, ananyamula simenti, nakaimitsa lole kunja kwa mudzi. Kutsika kunamukanika. Efulemu amene iye anamunyoza uja ndiye anali mwini manda, ndipo akanatha kumubweza anthu onse akuona.

Posakhalitsa anaona Efulemu akubwera yekha, atavala mkanjo wa malemu, umene unkakwekwereza pansi.

"Tsika, mwana wanga," anatero Efulemu.

"Mwana wako ine? Iwe amene unkandikodzera kumsana?"

"Amene ankakukodzera uja anali msuweni wako. Ine ndinalowa dzina, ndiye ana onse a Kamphinda ndi anga, ngakhale amwano. Njerwa yoyamba ikudikira iwe. Ndawaletsa amisiri kuyambira m'mawa."

Gilibati, amene sanagwadirepo msilikali pachipata cha dziko lililonse, anatsika, nanjuta, nawomba m'manja. Kenako anati: "Zikomo, bambo."

Mfumu inamudzutsa, niyamba kumusansa fumbi m'mawondo, ndipo analowa m'mudzi atasenzerana thumba limodzi la simenti. Akuluakulu sananame: chibale ndi fupa, sichiola.