Kadumphidwe ka Malemu Otso

Kanyumba kosungiramo mafosholo m'munsi mwa phiri kankanunkha khofi wopserera ndi masokosi onyowa. Chisiyireni koleji, Verneri ankafikira mmenemo m'mawa uliwonse. Ntchito yake inali kusalaza milu ya chipale chofewa imene achinyamata amadumphapo ndi matabwa awo otsetserekera. Phirilo linali phiri pa dzina pokha, chifukwa munthu akayetsemula pamwamba, wa m'munsi ankamva. Koma m'tauni yaing'ono ya kumpoto kwa Finland, limenelo ndilo linali phiri, ndipo wotsutsa ankauzidwa kuti akagule lake.

M'mawa wina a Rauno, mkulu woyang'anira malowo, anaika kapu pansi n'kumuyang'ana.

"Kwatsala masabata atatu kuti titseke, mphwanga. Tsiku lomalizalo tidzakumbukira mkulu wako. Chulu chachikulu udzatsegula ndiwe, ndi kadumphidwe kake kaja. Mayi ako avomera kubwera."

Mkulu wake wa Verneri anali Otso. Otso anali atamwalira pa ngozi ya galimoto chaka chathacho akuchokera paphiri pomwepo, ndipo kuyambira pamenepo mayi awo, a Marjatta, ankalambalala ngakhale msewu wopita kumeneko. Kuvomera kwawo kunali kwa kamodzi kokha.

Kadumphidwe ka Otso kanalibe zambiri. Ankanyamuka chowongoka, n'kugwira thabwa cha kuchidendene ndi dzanja limodzi, n'kupinda msana ngati uta, n'kungokhala choncho m'malere ngati waiwala kuti pansi pakumudikira. Poona kankaoneka kophweka. Zinthu zonse zimene munthu wachita kwa zaka khumi zimaoneka choncho.

"Uyambire pa kachulu kakang'ono," anatero a Rauno. "Ka makumi atatu pa tsiku, mpaka dzanja lizipeza thabwa lokha iwe osalituma."

"Ndamva, madala."

Anamvadi, kwa masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu kunabwera anyamata a mumzinda ovala majekete owala, ndipo mmodzi anazungulira kawiri m'malere asanatere. Anthu anaomba m'manja. Verneri anaona kuti kugwira thabwa ndi zachikale, n'kuyamba kuphunzira kuzungulira. Atangofika pozungulira kamodzi n'kutera ndi matako, anaona mtsikana wina akutsetsereka pa chitsulo chachitali chammbali, tsitsi lili petupetu. Basi, kuzungulira kunatha ntchito. Sabata yachiwiri inathera pa chitsulocho, ndipo chitsulo chinazidziwa bwino nthiti zake zonse. Sabata yachitatu anaona pa foni munthu akupidiguka chambuyo, mutu pansi miyendo kumwamba, ndipo mtima wake unati: ichi ndiye ichi.

Pihla, mnzake wa malemuyo amene ankayendetsa chingwe chokokera anthu kumtunda, ankaona zonsezi ali pa kawindo kake.

"Akatswiri, lero tikuphunzira chiyani? Ndiuzeni ndidziwe poika machira."

"Usandinyanse iwe. Dzulo ndinatsala pang'ono kutera."

"Kutera unatera, aise. Onse amatera. Funso ndi lakuti ndi chiwalo chiti."

"Achimwene ndiwapatse chimodzi chokha ngati ndine waumbombo? Ndidzawachitira zitatu nthawi imodzi. Amayi adzaone kuti m'nyumba muja munatsala munthu."

Pihla anasiya kuseka. "Mayi ako sakubwera kudzawerenga, Verneri. Akufuna aone chija ankachiona. Chimodzi."

"Iwe koka chingwe."

Panali china chimene sankanena. Nthawi iliyonse akapinda msana n'kugwira thabwa ngati Otso, nkhope ya mkulu wakeyo inkamubwerera, ndipo ankatera maso atachita chidima. Zatsopanozi zinalibe nkhope ya munthu. Zinkangopweteka thupi, ndipo thupi limapola. Koma m'malo movomera zimenezi, iye anasankha kudzitcha waluso, pajatu ulemu wotere munthu amadzipatsa yekha popanda womuletsa.

Kutatsala tsiku limodzi, a Rauno anamupeza akudzikutumula chipale m'khosi.

"Tandionetsa ka Otso kaja kamodzi."

"Kaja ndi kophweka, madala. Ndikasungira mawa."

"Eya. Nanenso ndikusungira mawa kuuluka."

Tsikulo kunacha bwino mochititsa manyazi. Dzuwa la kumapeto kwa nyengo yozizira linali litafewetsa chipale, utsi wa masoseji owotcha unkayenda pamwamba pa anthu, ndipo pafupifupi tauni yonse inaima mbali ziwiri za chulu chachikulu. A Marjatta anaima kutsogolo, manja m'matumba a chikhoti. A Rauno ananena mawu ochepa okhudza Otso, anthu anakhala chete, kenako onse anayang'ana kumtunda.

Verneri anakweza dzanja. "Ndikubwera!"

Liwiro linali labwino, ndipo ananyamuka bwino zedi. Pamenepa tisamunamizire. Dzanja linayamba ulendo wopita ku thabwa monga anagwirizana. Koma lili m'njira, maso ake anaona mafoni onse atamuloza, ndipo phewa linakumbukira sabata yoyamba n'kuyamba kuzungulira. Mutu nawo, posafuna kutsalira, unakumbukira sabata yachitatu n'kugwera kumbuyo. Miyendo sinauzidwe kalikonse. Choncho m'malere munali msonkhano wa ziwalo wopanda wapampando: dzanja likufuna thabwa limene lachoka kale, chiuno chalowera kumadzulo, maso akuona mitambo pamene panayenera kukhala pansi.

Anagwa ndi msana, phu! Mpweya wonse unamuthawa. Anatsetsereka chagada, manja ali tambalale, mpaka anakaima pafupi ndi nsapato za mayi ake, ngati katundu amene wafika pakhomo loyenera koma atasweka.

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa fupa la paphewa limene linali litathyoka.

A Marjatta anagwada pa chipale. Anavula golovesi, n'kuika dzanja pachifuwa pake, n'kudikira mpaka atamva chikukwera ndi kutsika.

"Gwedeza zala za kumapazi."

"Zikugwedezeka, amayi. Pepani. Ndimafuna kuti..."

"Chimene chija chinali chiyani?"

Verneri anatsegula pakamwa, koma chinthucho chinalibe dzina. Pihla, amene anali atafika ndi machira, anayang'ana kumbali.

"Usiku sindinagone," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Ndimati ndikaona msana utapindika m'mwambamo, ndidzamuona mwana wanga kamphindi kamodzi, kenako ndizipita. Ndinabwerera chimenecho basi." Anamupukuta chipale pachipumi ndi chala chachikulu, monga ankachitira ali wamng'ono. "Mmodzi ndinaika kale m'manda. Iwe usandiyese."

Anamuperekeza kuchipatala, ankamudulira buledi kwa masabata asanu ndi limodzi pamene dzanja linali m'nsalu, koma za phiri sanazitchulenso, ndipo sanapondekonso. Chulu chachikulu chinasungunuka patangotha masiku ochepa, n'kusanduka matope amene a Rauno ankawalambalala popita kukatseka kanyumba kaja. Anyamata a majekete owala sanamve n'komwe kuti kunachitika chiyani.

Verneri anapemphedwa chinthu chimodzi, ndipo anali ndi masiku okwanira. Anatola zitatu, n'kufika nazo pamaso pa mayi ake manja ali lendelende. Akuluakulu anaziona kale zoterezi asanaone n'komwe chipale, n'chifukwa chake anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.