Masamba Pamsewu, Wotchi Patebulo

Panali munthu wina, mayi wa ku Chilobwe, dzina lake Edesi Nachanza. Chuma chake chinali foni, njinga yakapalasa imene anasiya malemu mlongo wake, ndi lonjezo limodzi: mukaitanitsa tomato, mafuta, buledi kapena makala, zifika pakhomo panu mphindi makumi awiri zisanathe. Zikachedwa, musalipire.

Anthu anaseka, chifukwa Blantyre ndi wa zitunda. Koma katundu ankafika. Wobweretsayo ankaima pageti n'kufuula kuti, "Odi, zafika!" ndipo mawu amenewa ndiwo anasanduka dzina la kampani. Chaka choyamba njinga zinali zisanu. Chachitatu zinali makumi anayi, zonse zamoto, okwera ake atavala malaya achikasu. Amayi a mumsika anasiya kuwoletsa tomato pabenchi.

Mbiri inawoloka nyanja. Kunabwera anthu awiri a kampani ina yakunja, imene ntchito yake ndi kuika ndalama mu bizinesi ya ena n'kumagawana nawo phindu. Mmodzi anali mzungu wosalankhulalankhula. Winayo anali a Chikhosi, mwana wa konkuno, amene anakhala kunja zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndalama zimene anabwera nazo zinali zokwanira kutsegula nyumba zosungiramo katundu ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndi kugula njinga mazana asanu. Edesi atamva nambalayo anapempha madzi akumwa.

Asanasaine, alendowo anafuna kuona ndi maso. Anakhala ndi Edesi pamalo ogona alendo ku Soche, naitanitsa mazira ndi shuga, n'kuika wotchi patebulo.

Mphindi makumi awiri zinatha. Pageti panali zii. Edesi anayang'ana wotchi, nayang'ana msewu. Zitakwana makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, analowa bambo Matewere, wamkulu pa okwera onse, thukuta lili kamukamu, mazira onse ali bwinobwino.

"Madala, lero la lero?" anatero Edesi.

"Mayi, pa Chimwankhunda aika masamba. Ndinazimitsa injini."

Panalibe chofunsanso. Kwathu kuno pakagwa maliro amadula nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku kwa nyumba ya siwa. Wagalimoto amachepetsa liwiro. Wapanjinga amatsika, n'kuvula chipewa, n'kukankha mpaka atadutsa masamba achiwiri.

A Chikhosi anaseka. "Madala, mukanangodutsa, womwalirayo akanakusumirani kuti?"

"Womwalirayo ayi, bwana," anatero bambo Matewere. "Koma amuna awo anali pakhonde."

Mawa lake pepala la mgwirizano linabwera litawonjezedwa mzere umodzi: wokwera wa Zafika asatsike panjinga panjira pa chifukwa chilichonse, kupatula ngozi. A Chikhosi anafotokoza mofatsa kuti mzinda waukulu susowa maliro, ndipo chimene iwo akugula si njinga ayi, koma mphindi makumi awiri zija. Anapatsa Edesi mpaka Lachisanu kuti aganize.

Edesi sanabise. Anasonkhanitsa okwera ake n'kuwawerengera mzerewo. Ena anati, "Mayi, sainani, tizingochepetsa moto, aona ndani?" Wina anakumbutsa kuti ali ndi azing'ono ake awiri amene akudikira malaya achikasu. Edesi ankadziwa kuti sakunama. Ntchito mazana asanu si masewera m'dziko limene anyamata a masatifiketi amagulitsa mayunitsi pamsewu. Koma ankakumbukiranso tsiku limene masamba anayalidwa pakhomo pawo chifukwa cha mlongo wake, mwini njinga yoyamba ija. Ankakumbukira munthu wina wosamudziwa, wonyamula matumba atatu a makala, amene anatsika n'kukankha chitunda chonse, chipewa chili m'khwapa.

Lachisanu Edesi anapita kwa alendowo. Anawerenga pepala lonse mpaka pansi, natenga cholembera, n'kuchibweza kwa a Chikhosi ndi manja awiri.

"Pepani, achimwene. Mphindizo ndingakugulitseni. Koma msewu si wanga."

Alendowo anakwera ndege, ndipo ndalama zawo anakaziika kwina.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Okwera asanu ndi mmodzi anachoka mokwiya. Za Lilongwe ndi Mzuzu zinayamba zaima. Edesi anangochita chinthu chimodzi chatsopano. Wokwera akakumana ndi masamba ankadina foni, ndipo woitanitsa ankalandira uthenga wakuti, "Panjira pali zovuta, tikukankha." Pa katundu wochedwa chotero lonjezo linali lomwe lija: musalipire. Koma anthu ankalipira. Mayi wina anakalipira wokwera amene anakana ndalama, amvekere, "Ukufuna ndidye mazira a ulere pa maliro a mnzanga?"

Kampani inakula ngati mtengo wa m'bawa, osati ngati papaya. Patapita zaka ziwiri njinga zinali zana limodzi ndi makumi awiri.

Chaka chimenecho mayi awo a Chikhosi anamwalira ku Zingwangwa. Mwana wawo anatsika ndege, nakhala panja pamodzi ndi amuna anzake, m'mudzi umene theka la anthu silinkamudziwanso. Ali chikhalire anamva injini ikubwera mwaliwiro, kenaka inazima. Munthu wa malaya achikasu anadutsa akukankha, chipewa chili pachiwongolero. Sanadziwe kuti maliro ndi a yani, ndipo sanafunse. Patapita kanthawi anadutsa wina, kenaka wina. A Chikhosi anayamba kuwawerenga, monga mwa ntchito yawo. Atafika pa wachisanu ndi chiwiri analephera kuona bwino chifukwa cha misozi.

Asanabwerere kunja anafika ku ofesi ya Zafika, atanyamula pepala. Edesi anawapepesa za maliro, nawapatsa mpando, n'kuwerenga mpaka pansi. Mzere uja munalibe.

"Wotchi ija mwabwera nayo?" anafunsa.

"Ndaisiya, mayi."

Edesi anasaina. Lero malaya achikasu amakankha njinga m'mizinda itatu.

Inu amene mukumva, makamaka achinyamata amene mukuyambitsa zanuzanu: thamangani, dziko likufuna othamanga. Ndalama za alendo si zoipa, zilandireni ndi manja awiri. Koma musanasaine, dziwani chimene si chanu kuti mugulitse. Kuli maiko kumene bokosi la maliro limadutsa anthu akutafuna chingamu, ndipo amene anakhalako amadziwa kuzizira kwake. Tsiku lina adzakhala pakhonde ndinu, maso ali kumsewu. Simudzakumbukira amene anafika msanga. Mudzakumbukira amene anatsika.