Malikisi a Aphunzitsi

Aphunzitsi atayamba kusunga makiyi mufiriji, kuchipatala anawabwereka chipangizo chovala kumaso, chonga magalasi a owotcherera zitsulo. Ukachivala umapezeka uli m'sitolo, mawu nkukutuma zinthu zisanu zoti ukatole. Namwino anati masewerawo amanola mutu, amachotsanso kukhumata, ndipo malikisi a tsiku lililonse amafika okha pakompyuta yake.

Apo mpamene panawavuta akazi awo. Namwinoyo anaphunzira masamu m'manja mwa amuna awo omwewa. Lero kamwana kameneko kaziona kuti bambo amene ankanjenjemeretsa kalasi yonse akutola ziwiri pa zisanu?

Tsiku lachitatu aphunzitsi anavula chipangizocho.

"Sopo ndamupeza. Zinazo zandithawa, mayi."

"Bweretsani kuno. Inu kapumuleni."

Mayiwo anatseka makatani, nkuchivala. Munthu wozolowera kugula popanda kapepala, anatola zonse zisanu ngati akuthyola masamba kudimba kwake. Mawa lake anateronso. Milungu isanu ndi umodzi malikisi ankakwera, mwini wake ali pakhonde, akuyang'ana geti, mawu akuchepa tsiku ndi tsiku.

Pa tsiku lokaonedwanso anapeza okalamba ena asanu ndi atatu ali pabenchi, ongoyamba kumene. Namwino anawalandira mano onse pamtunda.

"Awa ndi aphunzitsi anga. Adokotala ataona malikisi awo anati safunikanso kupimidwa mutu, malo awo tinapatsa wina. Bambo, tawaonetseni anzanuwa mmene timachitira."

Namwino anatenga chipangizo chija. Anawaveka. Aphunzitsi anatembenukira uku ndi uku, dzanja lili m'malere ngati wofufuza khomo mumdima.

"Kodi kuno ndadzatani?" anafunsa motsitsa. "Akazi anga ali kuti?"

Pabenchi gogo wina anayang'ana kumbali.

"Ndinkasewera ndine," anatero mayiwo, maso ali pa nsapato zawo. "Sindinkafuna kuti uwaone chonchi, mwanawe."

Namwino sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatsegula buku, nkuyendetsa chala.

"Mayi, ine ntchito yanga ndi kuwaona chonchi. Mukanandisiya ndione malikisi awo enieni, bwenzi pano atayamba thandizo lina. Malo otsatira kwa adokotala ndi miyezi inayi kutsogoloku."

Ali m'khonde la chipatala potuluka, aphunzitsi anaima nkugwira mkono wa akazi awo. Mutu unali utabwerera pang'ono, monga unkachitira nthawi zina.

"Ndamva kuti unkandilembera mayeso."

"Eya, bambo."

"Nanga wakhoza ndiwe, wodwala nkukhala ine, tipita kukachiza ndani?"

Mayiwo anawakonza kolala ya malaya, nkuwatsogolera pang'onopang'ono kudutsa benchi lija, aliyense akuwaona. Miyezi inayi ija anaiwerenga okha, tsiku ndi tsiku, akudziwa amene anaiitana. Paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.